Za Nchito Yoyesa Yopanda Malipiro

Phunziro la mwezi uno licokera pa dandaulo limene talimva kawiri kawiri m'midzi imene tiyendamo. Mnyamata wina wa m'kalasi mwathu anapita ku tauni m'caka ca 2024 kukafuna nchito. Anafika pa sitolo yaikuru ya katundu wopikulitsa, ndipo kapitao anati kwa iye, "Malo alipo, koma tiyambe takuyesa, ukakhoza tidzakulemba." Mnyamatayo anakondwa. Anasenza matumba a ufa ndi a mcere kuyambira m'mamawa kufikira madzulo, masiku 12, nadya za m'thumba mwace, nagona kwa mlongo wa amace. Tsiku lotsatira anamuuza kuti sanakhoze, namcotsa cimanjamanja. Poturuka pa cipata anakomana ndi mnyamata wina alikulowa, nayenso kudzayesedwa.

Atabwera kumudzi, akuru ena anamtonthoza kuti mwai wace sunakwane, ena nati wopempha nchito sawerenga masiku. Ife sititero iai. Tiyesa kuti mnyamatayo anaberedwa, ndipo tifuna kuonetsa cifukwa cace.

Poyamba tinene kuti kuyesa munthu kulibe coipa. Wofuna mmisiri wa matabwa akhoza kumpatsa thabwa kuti apale iye alikupenya. Wofuna telala ampatse kansaru asoke msoko umodzi, ndi wofuna woyendetsa galimoto akwere naye kufikira pa mlatho ndi kubwerera. Kuyesa kotere kutha ora limodzi kapena awiri. Mwini nchito aima pompo, nataya nthawi yace, ndipo sapindulapo kanthu koma kudziwa cabe ngati munthuyo adziwa nchito. Koma taonani za matumba aja. Kodi pafunika masiku 12 kuti munthu adziwe ngati mnyamata atha kusenza thumba? Tsiku loyamba lisanafike pakati, kapitao anadziwa kale. Masiku ena onsewo katundu anatsika m'galimoto, nalowa m'nyumba, nagulitsidwa, ndipo ndarama zinalowa m'bokosi la mwini sitolo. Potero funso loyesera nkhani zonse zotere ndi ili: anadya zipatso za thukutalo ndani? Ngati mwini nchito anazidya, imeneyo inali nchito, angakhale aipatse dzina lina lotani.

Tsegulani tsono Genesis 29. Yakobo atathawa kwao anafika kwa Labani, mlongo wa amace, nakhala naye mwezi umodzi. Mwezi utatha, Labani mwini wace ndiye anayambitsa nkhani ya malipiro, poona kuti sikuyenera kuti munthu amtumikire cabe cifukwa ca cibale. Ndipo Labani timdziwa bwino: ndiye uja analowetsa Leya usiku m'malo mwa Rakele, ndi kusintha malipiro a mphwace kakhumi, monga Yakobo anadandaula mu Genesis 31. Munthu wonyenga wotere anacita manyazi kugwiritsa mnzace nchito yaulere mwezi ndi mwezi. Nanga ife obatizidwa?

Cilamulo ca Mose cinapitirira apo. Mu Deuteronomo 24 Aisrayeli analamulidwa kulipira waganyu waumphawi tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, angakhale ndi mbale kapena mlendo, pakuti waumphawi alibe nkhokwe yakudikira nayo mawa. Mneneri Yeremiya, m'mutu 22, anadzudzula mfumu Yehoyakimu cifukwa inamanga nyumba yace ya zipinda zosanja ndi manja a anthu osawalipira. Ndipo mtumwi Yakobo, m'mutu 5 wa kalata wace, aphunzitsa eni minda kuti malipiro amene anamana okolola ali ndi pakamwa pao, ndi kuti Mulungu alikumva. Tafunafuna m'malo onsewa, ndipo sitinapeze pamene akupatula munthu watsopano, monga ngati thukuta la sabata loyamba liri lopanda mtengo.

Nkhani iyi si yacilendo m'dziko lathu. Mau akuti thangata poyamba anali okoma, ndiwo a kuthandizana pa munda. Koma pa minda ya Azungu ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba, mau omwewo anasanduka goli. Wokhala pa malo a mwini munda anagwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho wa nyumba, ndipo pa minda ina mweziwo unatalika, popeza tsiku limene munthu sanatsirize ndime yace silinalembedwe pa tikiti. Ici cinali cimodzi ca zowawa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe mu January 1915, ndipo thangata sanathe kufikira 1962. Sitinena kuti kuyesedwa kwa sabata ziwiri kulingana ndi thangata. Kuwawa kwace kuli kutari. Koma cinyengo cace ncimodzi: kutenga dzina labwino ndi kubisamo nchito yosalipidwa.

Nanga Boma litani lero? M'Malawi muli lamulo la za nchito la caka ca 2000, limene dzina lace ndi Employment Act. Lamuloli lilola kuti munthu wa nchito ya luso apangane ndi womlemba za nthawi yoyesedwa, koma isapitirire miyezi 12. Ndipo m'nthawi imeneyo ali yense wa awiriwo akhoza kuthetsa pangano popanda kucenjeza mnzace. Cotero mwini nchito ali nao kale ufulu wakucotsa munthu amene sanakhoze. Cimene alibe ndico ufulu wakummana malipiro a masiku amene anagwira, pakuti woyesedwayo ndi wanchito ndithu. Lamulo lomwelo liti wanchito apatsidwe kalata wonena za nchito yace ndi malipiro ace mwezi woyamba usanathe, ndi kuti pangano likatha, zace zonse azilandire m'masiku 7.

Lipatsanso Nduna ya za nchito mphamvu yakuika malipiro ocepetsetsa, itamva maganizo a mabungwe a anchito ndi a olemba nchito. Ndipo kulipira munthu zosafika pamenepo ndi mlandu. Mu 2021 malipirowo anali K50,000 pa mwezi; mu February 2024 anakwera kufika K90,000, ndiyo K3,461.54 pa tsiku. Mu June 2025 anafika K126,000. Anchito a m'nyumba anaikiridwa ciwerengero cao cao, cocepa pa ici. Popeza ziwerengerozi zisinthasintha monga mtengo wa cimanga, wofuna kudziwa ca caka cimene alimo afunse ku ofesi ya za nchito ya pa boma lace.

Ena a ana athu ali ku Britain, ndipo tisayese kuti m'maiko a cuma mulibe zotere. Kumeneko lamulo la malipiro ocepetsetsa linapangidwa mu 1998, niliyamba mu April 1999 ndi £3.60 pa ora kwa akuru. Koma eni nyumba zodyera ndi zomwera ena anapitirira kuitana acinyamata kudzagwira tsiku kapena usiku woyesa osalipira. Mu 2017 phungu wa ku Glasgow, Stewart McDonald, anabweretsa ku nyumba ya malamulo mau oletsa mcitidwewo. Anakambidwa mu March 2018, koma nthawi inatha asanabvomerezedwe. Pakutha pa caka comweco Boma la kumeneko linaturutsa malangizo akuti kuyesa kopitirira tsiku limodzi kuyenera kulipidwa, kupatula pa zifukwa zosowa ndithu. Tsiku limodzi, abale, osati 12.

Tidziwa cimene wina adzayankha: "Aphunzitsi, nchito zasowa. Mwana akafunsa za malipiro tsiku loyamba, adzampitikitsa, ndipo pa cipata pali anzace makumi awiri." Nzoona, ndipo sitimtsutsa mnyamata amene anakhala cete cifukwa ca mantha. Komatu ici ndico cifukwa cimene malipiro ocepetsetsa anaikidwira. Munthu wanjala abvomera ciri conse, ndipo kubvomera kwace sikuyeretsa wombera. Lamulo liika malire amene ngakhale waumphawi mwini sangathe kuwagulitsa. Potero katundu wa nkhani iyi ali pa mapewa a wolemba nchito koposa pa wolembedwa.

Apa mpamene phunziro litilasa ife eni. Nkwapafupi kudzudzula mwini sitolo wa ku tauni amene sawerenga nyuzi iyi. Koma ndi angati a ife amene anatenga msungwana wamasiye kumudzi, nati, "Ayambe waphunzira za pakhomo, za ndarama tidzaona," ndipo miyezi itatu inatha alikutunga madzi, kucapa ndi kulera mwana, kulandira nsima ndi citenje cakale? Ndi angati amene ali ndi cigayo, kapena okala, kapena munda wa fodya, amene anayesa mwana wa mbale wao dzinja lonse? Timati ndi mwana wathu yemwe. Yakobo nayenso anali mwana wa pakhomo pa Labani. Ngakhale pa nchito za Mpingo tipenyetsetse. Akristu akaumba njerwa za kacisi mwa ufulu wao, imeneyo ndi mphatso kwa Mulungu. Koma mmisiri amene tamuitana ndi ciyembekezo cakuti tidzampatsa nchito yonse akakhoza khoma loyamba, khomalo timlipire.

Kwa anyamata ndi asungwana opita kukafuna nchito titi: funsani mwaulemu musanayambe kuti kuyesako ndi kwa masiku angati, ndi malipiro ace ngotani, kufunsa sikuli cipongwe. Khalani ndi kabuku, mulembemo tsiku ndi tsiku ora lolowa, ora loweruka ndi dzina la wokuyang'anirani, ndipo mukumbukire anzanu amene anakuonani mulikugwira, pakuti tsiku la mlandu mwini nchito akhoza kunena kuti sakudziwani. Akakucotsani osalipira, kadandauleni ku ofesi ya za nchito; zikakanika kumeneko pali bwalo la milandu ya anchito, la Industrial Relations Court.

Mnyamata wathu uja analibe kabuku, koma anakumbukira kuti anayamba Lolemba lotsata Sabata la Mgonero, ndipo tinawerenga naye masikuwo pa kalendala ya Mpingo. Masiku 12 pa mtengo wa caka cimeneco anakwana K41,538. Tinalemba ciwerengeroco pa pepala pamodzi ndi maina a anzace awiri amene anasenza naye, ndipo mkuru wa Mpingo mmodzi anamperekeza ku ofesi, popeza yekha anaopa kulowamo.