Kagulidwe ka Makina Ogwirapo Kale Ntchito ndi Ndalama za Boma

Chichepetsedwere mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu watsopano adakwera mtengo kwambiri, choncho n'zosadabwitsa kuti akuluakulu a sukulu, zipatala ndi makomiti a chitukuko m'dera ngati Masambanjati amakopeka akamva kuti kuli njinga yamoto, jenereta kapena thirakitala yogwirapo kale ntchito imene ikugulitsidwa motchipa. Ndalama za boma zikalowapo, kugulako sikukhalanso kwa anthu awiri, pakuti kumagwa pansi pa malamulo amene amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2017 m'malo mwa ofesi ya ODPP.

Zoyambirira n'zodziwika. Katunduyo akhale m'ndondomeko ya zogula ya chaka chimenecho, papezeke makotesheni osachepera atatu, ndiwo makalata amene ogulitsa osiyanasiyana amalembamo mitengo yawo, ndipo komiti ya IPDC, imene imavomereza kugula ndi kugulitsa katundu pa ofesi ya boma monga Khonsolo ya Thyolo, ipereke chilolezo cholembedwa.

Pamene ambiri amagwera ndi poyesa makinawo. Ndalama zisatuluke makaniko woima payekha asanawaone, ndipo makanikoyo asabwere ndi wogulitsa, asakhale mbale wake, ngakhalenso kukwera galimoto yake popita kukayesako. Boma lili ndi nthambi ya PVHES yoona za magalimoto ndi makina ake, ndipo kumeneko ndiko koyenera kupempha katswiri. Iyeyu alize injini m'mawa isanatenthe, chifukwa injini yotenthetsedwa kale imabisa utsi ndi kugogoda, kenako aisenzetse katundu ndi kuikweza mtunda. Thirakitala imene yayenda bwino pabwalo lathyathyathya siinayesedwe konse, poti ntchito yake ikakhala m'zitunda za msewu wa ku Thekerani, m'matope a dzinja. Mawu oti makina ochokera ku esiteti ya tiyi ndi osamalidwa bwino sangalowe m'malo mwa buku lolembamo masevisi, ndipo komiti imene imakhutira ndi penti yatsopano ndi mawu okoma imachita ulesi ndi ndalama za anthu osauka.

Zimene makaniko wapeza zilembedwe, azisainire, ndipo atchule zaka zimene makinawo angagwirebe ntchito, masipeya ofunika msanga ndi kumene amapezeka, kaya ku Limbe kapena mpaka kuitanitsa kunja. Kungonena pakamwa kuti "ili bwinobwino" sikudzathandiza aliyense pamaso pa owerengera ndalama za boma kapena a bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB. Kubweretsa katswiriyo kungadye ndalama zochepa chabe poyerekeza ndi mtengo wa makinawo, pamene matayala, batire ndi kukonza injini zingathe kufika penapake pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengowo, ndipo ndalama zimenezi ziphatikizidwe pa mtengo wogulira usanayerekezedwe ndi wa katundu watsopano.

Ngati ndi galimoto kapena njinga yamoto, nambala za injini ndi chasisi ziwerengedwe pachitsulo penipenipo ndi kufanizidwa ndi za m'buluu buku, chikalata cha umwini chochokera ku Road Traffic, komanso pakhale umboni wa msonkho wa MRA ndi kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba. Pa tsiku lolandira, makaniko yemwe uja aonenso makinawo, popeza batire ndi matayala zimatha kusinthidwa pakati pa tsiku loyesa ndi tsiku lopereka, ndipo akatero ndiye malipiro atuluke, katunduyo n'kulembedwa m'kaundula wa katundu wa boma.