Nzeru Zopezeka Pogwada

Werengani: Danieli 2, 1 Akorinto 1:26-31, Yakobo 1:5.

Vesi Loloweza: Danieli 2:44.

Mfundo Yaikulu: Mulungu amapatsa nzeru iwo amene wawaitana kuti apulumutse nazo anzawo, ndi kuchitira umboni za ufumu wosatha.

SABATA MASANA

Danieli anatengedwa ukapolo kuchokera ku Yerusalemu m'chaka cha 605 B.C., akali mnyamata. Asanakhalitse ku Babulo, imfa inamfikira pakhomo. Mfumu Nebukadinezara inalota loto, nilamula anzeru ake kuti anene lotolo pamodzi ndi kumasulira kwake. Akasidi anavomera kuti palibe munthu pa dziko lapansi wakutha kutero (ndime 10, 11). Mfumu inapsa mtima, nilamula kuti anzeru onse a ku Babulo aphedwe, Danieli ndi anzake omwe.

TSIKU LOYAMBA

1. Kodi Danieli anachitanji atamva za lamulo la imfa? Danieli 2:14-19.

Danieli anali ataphunzitsidwa mabuku ndi chinenero cha Akasidi, koma usiku umenewo sanafunyulule buku la openda nyenyezi. Anapempha nthawi kwa mfumu, napita kunyumba kukauza Hananiya, Misaeli ndi Azariya kuti apemphe chifundo kwa Mulungu wa Kumwamba. Mutu umodzi susenza denga. Chinsinsicho chinavumbulutsidwa m'masomphenya a usiku, ndipo Danieli asanathamangire kwa mfumu anayamba walemekeza Mulungu.

2. Kodi anazigwiritsa ntchito motani nzeru zimene analandira? Danieli 2:24-30.

Taonani pempho lake loyamba kwa Arioki, mkulu wa olondera mfumu: kuti anzeru a ku Babulo asaphedwe. Anthu opembedza mafano anapulumuka chifukwa cha pemphero la akapolo anayi. Taonaninso kusiyana kwa amuna awiriwa pamaso pa mfumu. Arioki analankhula monga ngati ndiye anapeza womasulira. Danieli anakana kuti ali ndi nzeru zoposa za ena, naloza kwa Mulungu wovumbulutsa zinsinsi. Paulo akutikumbutsa kuti Mulungu amasankha ofooka ndi onyozeka, kuti pasakhale wodzitama pamaso pake.

3. Kodi lotolo linali kuloza kuti? Danieli 2:31-45.

Mutu wagolide ndiwo Babulo, amene anagwa mu 539 B.C. Chifuwa ndi manja asiliva ndiwo Amedi ndi Aperisi, kufikira 331 B.C. Mimba ndi chiuno zamkuwa ndiwo Agiriki, kufikira 168 B.C. Miyendo yachitsulo ndiyo Roma, amene ufumu wake wa kumadzulo unatha mu A.D. 476. Mapazi a chitsulo chosakanizika ndi dongo ndiwo maufumu ogawanika amene sadzaphatikizananso. Koma lotolo silithera pa fano. Mwala wosemedwa popanda manja unaliphwanya, nukhala phiri lodzaza dziko lonse. Ufumu umenewo sumangidwa ndi nkhondo kapena luso la anthu. Khristu adzaukhazikitsa pa kubweranso kwake.

Danieli anatumikira mokhulupirika m'nyumba ya mfumu, akudziwa kuti Babulo adzapita. Maitanidwe athu ndi omwewo: kugwira ntchito moona mtima m'dziko lino, mtima uli pa ufumu ukudzawo.

ZOTI MUKAMBIRANE

1. Vuto likakugwerani, mumayamba kuthamangira kwa yani?

2. Kodi muli nawo abale atatu amene mungawadzutse usiku kuti mupemphere nawo?

3. Ndani kwanu, ngakhale wosapembedza nanu, amene angathandizike ndi nzeru zimene Mulungu wakupatsani?