Bondo la Mwana Likatupa, Musaiwale Mtima: Zoyenera ndi Zosayenera

Nyamakazi timaitenga ngati nthenda ya agogo, koma imagwiranso ana. Madokotala amaitcha juvenile idiopathic arthritis mwana wosakwana zaka 16 akatupa molumikizana mafupa kwa masabata 6 kapena kuposerapo. Mtundu wina, wobwera ndi zidzolo ndi kutentha thupi tsiku lililonse, umafika mpaka kumtima. Apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa, chifukwa maso a makolo amakhala ali pa bondo.

Choyenera: Onetsetsani kagonedwe ka mwana. Thumba lokuta mtima likatupa, pachifuwa pamapweteka kwambiri akagona chagada, ndipo amapezako bwino akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo. Wamng'ono sangafotokoze zimenezi. Amangokana mphasa, kupuma mwawefuwefu, kutopa ndi kamtunda kochepa. Thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.
Chosayenera: Kumumwetsa Panado n'kumadikira tsiku lolembedwa m'kabuku ka kuchipatala.

Choyenera: Auzeni adokotala ngati mwanayo anadwala zilonda zapakhosi masabata awiri kapena atatu apitawo, komanso ngati kutupako kukusamuka, lero bondo, mawa chigongono. Imeneyo ikhoza kukhala rheumatic fever, yofala kwathu kuno, imene imatha kuwononga mavavu a mtima moyo wonse. Chotchinjiriza kuti isabwererenso ndi jakisoni wa benzathine penicillin masabata atatu kapena anayi alionse, kwa zaka zambiri.
Chosayenera: Kumutema mphini. Kutupako kukuchokera mkati mwa thupi, ndipo lumo silifikako.

Choyenera: Funsani ngati mtima ukufunika kuunikidwa ndi makina a echo. Sapweteka, ndipo amaonetsa madzi ozungulira mtima ngakhale zizindikiro zisanakule.
Chosayenera: Kubisa kuti pakhomo pali wodwala chifuwa chachikulu. TB nayo imadzaza madzi m'thumba la mtima, ndipo mankhwala a nyamakazi amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Manyazi pa nkhani iyi angasokeretse adokotala.

Choyenera: Mwana akamamwa prednisolone, aziyezedwa BP ndi sikelo ulendo uliwonse, ndipo muchepetse mchere m'ndiwo.
Chosayenera: Kumusiyitsa mwadzidzidzi chifukwa nkhope yafufuma. Ndikumvetsa, mayi aliyense zimamupweteka kuona mwana akusekedwa kusukulu. Komabe thupi limakhala litazolowera mankhwalawo, ndipo kuwadula kamodzin'kamodzi kungamukomole. Adokotala ndiwo amachepetsa pang'onopang'ono.

Choyenera: Mankhwala a nyamakazi otchedwa methotrexate ndi a kamodzi pa sabata. Sankhani tsiku, lilembeni pakhoma, ndipo aliyense wosamalira mwanayo alidziwe.
Chosayenera: Kumumwetsa tsiku ndi tsiku. Zimenezo zimapha.

Choyenera: Akamapeza bwino, msiyeni asewere fulaye ndi anzake, mtima ndi mafupa zimalimba ndi kuyenda.
Chosayenera: Kumuthamangitsa kapena kumusenzetsa ndowa ya madzi mtima ukadali wotupa, adokotala asanavomereze.