Cibadwa ca Wophunzira ndi Matenda Ovutika Maganizo

Akatswiri a maganizo amagawa cibadwa ca munthu m'mbali 5. Mwa izo, imene imayenderana kwambiri ndi matenda ovutika maganizo pakati pa ophunzira a kuyunivesite ndi mtima wosakhazikika: kuda nkhawa msanga, kudziimba mlandu, kumangoganizira zolakwa zakale. Komabe cibadwa si nthenda. Wofatsa amene amakonda kukhala yekha tisamuyese wodwala; cimene timayang'ana ndi kusintha. Wokonda kuceza akayamba kudzipatula, kusowa tulo ndi kuleka zimene ankakondwera nazo, milungu 2 n'kutha ali conco, timulimbikitse kupita kucipatala. Ndipo tizimumvetsera m'cinenero cake, pakuti amene pa Cipwitikizi amangoyankha kuti ali bwino, pa Cinyanja angathe kuulula kuti: “Aphunzitsi, ndikuganiza kwambiri.”