Kabokosi ka Mayunitsi: Malangizo kwa Mabanja a ku Kachulu

Kwa inu makolo, amayi ndi abambo a pa doko la Kachulu ndi midzi yozungulira, amene nyumba zanu, magolosale anu kapena malo anu ometera ndi otchajira mafoni alumikizidwa ku magetsi a ESCOM, ife alangizi anu tikupempha kuti mutchere khutu pa nkhani ya kabokosi ka mabatani kamene kali pakhoma panu. Ambiri a inu mumakayandikira pokhapokha pamene mdima wagwa kale m'nyumba ndi kulira kwa ana kwayamba, chikhalirecho kabokosiko n'kamboni kokhulupirika, kamene kakanakuuzani za mdimawo masiku atatu usanafike mukanakafunsa.

Yunitsi n'chiyani?

Magetsi amene amafika kuno amachokera makamaka ku mathithi a mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kuyambira m'chaka cha 2017 amene amawapanga ndi a EGENCO, a ESCOM ndiwo amawayendetsa m'mawaya ndi kutigulitsa, pamene a MERA ndiwo amavomereza mtengo wake. Popeza mtengowo umasintha, kotero kuti ndalama imene inagula mayunitsi ochuluka chaka chatha ikhoza kugula ochepa chaka chino, munthu wowerengera magetsi ake m'makwacha adzasokonezeka ndi kunamizira mita. Koma wowerengera m'mayunitsi sadzanyengedwa, pakuti yunitsi siisintha. Yunitsi imodzi, imene pagalasi la kabokosi imalembedwa kuti kWh, ndiyo magetsi amene chipangizo cha mawati 1000 chimadya chikayaka ola lathunthu.

Mawati a chipangizo chilichonse amalembedwa pathupi pake, kunsi kwa ketulo, kumbuyo kwa wayilesi, pakhosi pa babu. Babu lakale lija la mawati 100, likamayaka maola 5 usiku uliwonse, limatha mayunitsi 15 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9, loyaka maola omwewo, silifika ngakhale yunitsi imodzi ndi theka. Mbaula ya magetsi ya mawati 1500 imene yaphika nyemba maola 2 yameza mayunitsi 3 pa mphika umodzi wokha. Potero ife timamva chisoni tikaona bambo akukalipira mwana chifukwa cha foni imene watchaja, pamene nsimbi yasiyidwa ikutentha patebulo mwini wake ali pa macheza panja. Zonse zimene zimatulutsa moto ndizo zimadya kwambiri, ndipo foni ili kutali ndi mlanduwo.

Kuwerenga tsiku ndi tsiku

Inu a m'mbali mwa Chilwa, amene munaona nyanja ikuphwa m'chaka cha 1995 ndi kuphwanso m'chaka cha 2018, simufunika kuphunzitsidwa kuti chinthu sichitha tsiku limodzi. Monga wopalasa bwato lopita ku Chisi amadziwa kuya kwa madzi ndi nsungwi yake asanatitimire m'matope, momwemonso mwini nyumba ayenera kuyesa mayunitsi ake asanathe. Gulani kope laling'ono, mulimangirire ndi chingwe pafupi ndi kabokosi, ndipo sankhani nthawi imodzi, kaya ndi m'mawa tambala atatsika, kaya madzulo musanadye nsima, yoti muzilemba tsiku ndi nambala imene ikuoneka pagalasi. Musaiwale kadontho kamene kali pakati pa manambalawo, pakuti 42.6 ndi mayunitsi 42 ndi kachidutswa, si 426 ayi.

Tiyerekeze kuti Lolemba madzulo mwalemba 42.6, ndipo Lachiwiri nthawi yomweyo mwapeza 39.1. Ndiye kuti nyumba yanu yadya mayunitsi 3.5 pa tsiku, ndipo ikapitirira chomwecho idzafuna mayunitsi 105 pa mwezi, pamene otsalawo adzakufikitsani masiku 11 okha. Mukachita zimenezi sabata ziwiri, kopelo lidzayamba kukuuzani zinthu zimene simunazidziwe: kuti Loweruka, tsiku losita zovala za kutchalitchi, limadya kuposa anzake, kuti filiji imene mumaziziritsira zakumwa zamalonda kapena kusungira makumba ndi milamba imadya kwambiri m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa kuno kunyanja kwafika pachimake, makamaka ngati mphira wa pachitseko chake wafooka kapena ngati mwaigunditsa kukhoma mpweya osadutsa kumbuyo. Ntchito yolembayi apatseni mwana wa sukulu. Adzaikonda, ndipo masamu ake adzakhwima.

M'nyumba za lendi, m'mene mabanja atatu kapena anayi amasonkherana pa mita imodzi, kope limeneli lathetsa milandu imene ikanafika kwa anyakwawa, chifukwa pakakhala zolembedwa palibenso wonena kuti mnzake ndiye mfiti ya mayunitsi.

Kanyali kophethira

Pa mamita ambiri pali kanyali kofiira kamene kamaphethira, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira ka 1000 yunitsi imodzi yapita. Mukayatsa babu la mawati 9 lokha, mudzadikira mphindi pafupifupi 7 kuti kaphethire kamodzi. Mukayatsa ketulo ya mawati 2000, kadzayamba kuphethira pafupifupi masekondi awiri alionse, inu mukuona ndi maso anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu. Tsiku lina masana zimitsani zonse, zulani mapulagi onse m'masoketi kupatula la kabokosi, ndipo khalani pansi muyang'anire kanyaliko kwa kanthawi. Kakapitiriza kuphethira msangamsanga, dziwani kuti pena pake magetsi akutayika kudzera mu waya wosupuka, kapena kuti wina wakokera waya ku nyumba yake inu osadziwa. Pamenepo itanani wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, ndipo musalole mnyamata wongodziwa kupota mawaya akunyengeni kuti adumphitsa mita. Kutero n'kuba, ndi mlandu pamaso pa lamulo, ndipo kwatenthetsa nyumba za anthu.

Magetsi akathima

Si mdima wonse umene uli wa mayunitsi. Pamene namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anali kuthimathima ngakhale kwa amene anali ndi mayunitsi ochuluka. Choncho musanathamangire kwa ejenti wogulitsa mayunitsi, suzumirani kwa anansi anu, ndipo onani chimene galasi likunena. Ngati mita yanu ili pamwamba pa pholo ndipo m'nyumba muli kabokosi kokha, sungani mabatire amoyo m'katimo, chifukwa mayunitsi akatheratu kamadalira mabatirewo. Kalowetseni mu soketi, swichi ili yoyatsa, musanayambe kudina manambala.

Tokeni imene mumalandira mukagula mayunitsi ili ndi manambala 20, imagwira pa mita imodzi yokha imene munaitchula pogula, ndipo imagwira kamodzi. Pogula pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, werengani nambala ya mita kawiri musanavomereze, ndipo ilembeni pachikuto cha kope lija. Mamita a mtundu umenewu, kuno ndi ku South Africa komwe, anayenera kulandira manambala apadera osinthira lisanafike tsiku la 24 Novembala 2024. Mukalowa m'nyumba imene yakhala yotseka nthawi yaitali, mita yake n'kumakana tokeni yatsopano, pitani ku ofesi ya ESCOM ku Zomba mutatenga nambala ya mita ndi uthenga wa tokeniyo.

Za gasi

Kwa inu amene mumaphikira gasi, kope lomwe lija lidzakuthandizaninso. Silinda ya gasi ilibe galasi, ndipo lawi lake limayaka chimodzimodzi mpaka pafupi ndi kutha, kotero kuigwedeza ndi kumvetsera sikuthandiza kwenikweni. Mita yake ndi sikelo, yomwe ija mumayezera mpunga. Pa chogwirira cha silinda pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Ngati palembedwa makilogalamu 8 ndipo sikelo ikuonetsa 10, mwatsala ndi makilogalamu 2 a gasi. Iyezeni tsiku logula, muziyezanso Lamulungu lililonse, n'kulemba kumapeto kwa kope. Ikapepuka msanga koposa kaphikidwe kanu, pakani thovu la sopo pa paipi ndi polumikizira. Pakatuluka timathovu, tsekani, tsegulani mawindo, ndipo musayatse machesi kapena kudina swichi iliyonse.

Tikupemphani, makolo athu, kuti muyambe kulemba lero lino madzulo, ndipo pa msonkhano wathu wa mwezi wamawa banja lililonse lidzabwere ndi kope lake, kuti tidzawerengere limodzi.