PHUNZIRO: MALO OKUMBUKIKA A KU DEDZA

Ambiri a ife timapita pa Boma la Dedza kukagula mchere ndi kukagulitsa mbatata, koma ndi owerengeka amene adziwa mbiri ya malo ozungulira mudziwo. Tiyeni tiphunzire atatu mwa malowa.

Choyamba ndi mapanga a Chongoni, kumpoto kwa Boma. M'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zithunzi zolembedwa pa miyala, monga pa Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zithunzi zofiira analemba ndi Akafula, alenje aja amene anakhala m'dziko muno Achewa asanafike. Zoyera analemba ndi Achewa ndi dothi loyera, ndipo zambiri zinali zolangizira anamwali. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linawerengera malowa pa chuma cha dziko lonse lapansi.

Chachiwiri ndi Mua, kunsi kwa mapiri, kufupi ndi Mtakataka. Ansembe a White Fathers anafika kumeneko m'chaka cha 1902, namanga misoni. Pambuyo pake anatsegulanso chipatala cha akhate. M'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni, kumene amisiri amasema mitengo. M'nyumba ya Chamare muli mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

Chachitatu ndi Bembeke, pamene pali tchalitchi lalikulu la Dayosizi ya Dedza. Episkopi woyamba wa dayosiziyo anali Ambuye Cornelius Chitsulo, amene analinso Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe ndi uepiskopi mu Eklezia Katolika.

Tsono nanga ife titani? Chithunzi chimene chakhala pa thanthwe zaka mazana ambiri, mwana mmodzi angathe kuchiwononga tsiku limodzi polembapo dzina lake ndi khala. Utsi wa moto wosonkha m'phanga umachidetsanso, ndipo chikafafanizika palibe mmisiri angachibwezere. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chuma chathu ndi chimene tili nacho pafupi.

Inu akatekisiti, tengani ana a sukulu mukaone nawo malo amene muyandikana nawo, muyambe mwapempha chilolezo kwa amfumu ndi osunga malowo. Pobwerako muwafunse mafunso awa:

1. Kodi zithunzi zofiira ndi zoyera zisiyana bwanji?
2. Kodi misoni ya Mua inayamba chaka chiti?
3. Kodi kwanu kuli malo otani oyenera kuwasunga?