Phunziro la Mwezi Uno: Poizoni Wolowa M'thupi Popanda Kumwa

Ambiri a ife tikamva za poizoni timaganiza za chinthu chimene munthu wadya kapena kumwa. Koma pakamwa si khomo lokhalo. Poizoni amalowanso pakhungu, m'maso ndiponso mu mpweya umene timapuma. Mwezi uno tiphunzira za makomo atatuwa, ndipo tiyamba ndi nkhani yochokera kutali.

Nkhani ya ku Alaska

M'maiko ena anthu amaweta nsomba zokongola m'mathanki agalasi m'nyumba zawo. Mbuna za m'nyanja ya Malawi ndi zina mwa nsomba zimene zimawetedwa chotero. Amene amaweta nsomba za m'nyanja yamchere amaikamonso makorali, tizamoyo tomera pamiyala tooneka ngati maluwa. Mitundu ina ya makorali ili ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin, amene akatswiri anamupeza ku Hawaii ndi kumufotokoza m'chaka cha 1971.

Mu Ogasiti 2014, mumzinda wa Anchorage ku Alaska, munthu wina anasamutsira makorali olemera makilogalamu 32 m'thanki ya m'nyumba ya mbale wake. M'mawa mwake anthu atatu a m'nyumbamo anadzuka akudwala. Anamva kuwawa m'kamwa, anatentha thupi, anatsokomola ndi kubanika, ndipo galu ndi mphaka nazonso zinadwala. Palibe amene anadya korali. Poizoni anayenda mu mpweya wa m'nyumba yotseka, anthu ali mtulo.

M'nyanja zathu za Chilwa, Chiuta ndi Malombe, ngakhale mumtsinje wa Shire, mulibe makorali. Koma m'nyumba zambiri za m'maboma a Machinga ndi Balaka muli zinthu zimene zimalowa m'thupi mwa njira yomweyo. Zinthuzo ndi mankhwala opopera mbewu, mankhwala otetezera chimanga ku anankafumbwe, ndi mankhwala a makoswe.

Khomo loyamba: khungu

Kuno kwathu thonje limalimidwa kwambiri, makamaka kumadera a Phalula, Utale ndi Ulongwe, ndipo thonje limafuna kupopera kangapo pachaka. Chiyambire pamene mbozi za ntchemberezandonda zinafika m'dziko muno, mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, alimi ayamba kupoperanso chimanga. Chomwecho mankhwala achuluka m'midzi kuposa kale.

Khungu la munthu limamwa mankhwala monga momwe nsalu imamwera mafuta. Kukatentha ndipo munthu akatuluka thukuta, mankhwala amalowa msanga koposa. Pamene pali bala kapena ming'alu ya kuphazi, khomo ndi lotsegula kale. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosungunula mankhwala, chifukwa pamenepo mlimi akugwira mankhwala a m'botolo asanathiridwe madzi. Ndaonapo mlimi akuvundula mankhwala ndi dzanja, ndipo wina atabereka mpope wodontha, malaya onse kumsana atanyowa. Munthu wotere amabwerera kumudzi mutu ukuwawa, nanena kuti ndi dzuwa kapena malungo.

Khomo lachiwiri: maso

Diso ndi lofewa kuposa khungu. Dontho limodzi lothovukira m'diso potsegula botolo, kapena dzanja la mankhwala lopukutira thukuta kumaso, ndi lokwanira kufiiritsa diso ndi kulitupitsa. Mankhwala ena, monga cypermethrin, amachititsa nkhope kuyabwa ndi kutentha ngati yapakidwa tsabola.

Khomo lachitatu: mpweya

Apa ndi pamene nkhani ya ku Alaska ikutikhudza kwambiri. Tikakolola, ambiri timasunga matumba a chimanga m'chipinda chogona poopa akuba. Ena amagula mapiritsi otuwa ophera anankafumbwe ndi kuwalowetsa m'matumbamo. Mapiritsi amenewa, a mtundu wa aluminium phosphide, akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine. Mpweyawu umadutsa m'thumba, umadzaza chipinda, ndipo umalowa ngakhale m'chipinda china kudzera pamwamba pa khoma. Nthawi zina umanunkha ngati adyo kapena nsomba yoola, koma munthu wogona sazindikira kanthu. Ana ndiwo amayamba kufooka. Poizoni ameneyu alibe mankhwala omusukulutsa. Kuchipatala amangothandiza thupi kuti lilimbane naye. Mapiritsiwa anapangidwira anthu ophunzitsidwa bwino, ogwira ntchito m'nkhokwe zikuluzikulu. Sayenera kulowa m'nyumba yogona anthu ngakhale tsiku limodzi.

Kupopera moyang'anana ndi mphepo, kapena kusungunula mankhwala m'nyumba, nakonso kumalowetsa poizoni m'mapapo.

Zizindikiro zofunika kuzidziwa

Mankhwala ambiri ophera tizilombo, monga dimethoate ndi temeki amene ena amaphera makoswe, amasokoneza mitsempha. Munthu akalowedwa ndi mankhwala otere amaonetsa zizindikiro izi:

1. Mutu, chizungulire ndi kufooka.
2. Thukuta lambiri, malovu ochuluka ndi misozi.
3. Nseru, kusanza, kupotokola kwa m'mimba ndi kutsegula m'mimba.
4. Kusaona bwino, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso kamachepa kwambiri.
5. Kunjenjemera kwa minofu, kubanika, kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu.

Zina mwa zizindikirozi zimafanana ndi za malungo kapena kolera. N'chifukwa chake muyenera kuuza adokotala kapena anamwino ngati wodwalayo anapopera mbewu, anagona pafupi ndi matumba othiridwa mankhwala, kapena anaseweretsa botolo. Ndiponso anthu angapo a nyumba imodzi akadwala usiku umodzi, nkhuku kapena mphaka nazo zitafa, musathamangire kuloza mnansi kuti walodza. Tulukani m'nyumbamo, tsegulani zitseko ndi mazenera, ndipo pitani kuchipatala.

Chithandizo choyamba

1. Chotsani wodwala pamalo pamene pali mankhwala, apume mpweya wabwino. Inuyo musakhalitse m'chipindamo.
2. Muvuleni zovala zonse zonyowa ndi mankhwala. Valani timapepala ta pulasitiki m'manja pochita zimenezi kuti nanunso musalowedwe.
3. Musambitseni thupi lonse ndi sopo ndi madzi ambiri, osaiwala tsitsi ndi zikhadabo.
4. Ngati mankhwala alowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi 15.
5. Musamusanzitse, ndipo musamumwetse mkaka, mafuta ophikira, mazira kapena madzi amchere. Mkaka suchotsa poizoni, ndipo masanzi akalowa m'mapapo amapha.
6. Ngati wakomoka, mugonekeni chammbali ndipo musamupatse chilichonse pakamwa.
7. Mutengereni kuchipatala msanga, mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo litakulungidwa bwino.

Botolo limathandiza adokotala kudziwa mtundu wa poizoni. Pa mankhwala osokoneza mitsempha pali jakisoni wotchedwa atropine amene amapulumutsa moyo wodwala akafika msanga. Yambani ndi chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Ntaja, Nsanama, Phalula kapena Kalembo. Kukafunika, iwo adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde kapena cha ku Balaka. Musadikire kuti kuche, ndipo musayambe mwadzera kwa asing'anga.

Kupewa

Gulani mankhwala m'masitolo ovomerezeka, ali m'botolo lake lolembedwa bwino. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, ndipo wogulitsa aliyense ayenera kukhala ndi chilolezo. Mankhwala opimidwa m'timabotolo ta zakumwa pamsika ndi msampha wa ana. Botolo lokhala ndi mzere wofiira ndi chithunzi cha chigaza ndi mafupa likutiuza kuti mankhwalawo ndi oopsa zedi.

Popopera valani malaya a manja aatali, buluku lalitali, nsapato zajombo, magolovesi, chipewa ndi chotseka pamphuno ndi pakamwa. Vundulani ndi kamtengo. Poperani m'mawa kapena madzulo, mphepo ili kumbuyo kwanu. Musadye, kumwa kapena kusuta fodya muli pantchito, ndipo kakamwa ka mpope kakatsekeka musakauzire ndi pakamwa. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asapopere. Mukamaliza sambani ndi sopo, ndipo zovala zantchitoyo zichapidwe pazokha.

Musatsuke mpope pamjigo, pachitsime kapena mumtsinje. Botolo lotha litsukeni katatu, madziwo muthire mumpope, kenaka muliboole kuti wina asasungiremo mchere, mafuta kapena madzi akumwa. Mankhwala otsala asungidwe pamalo okhoma, kutali ndi chakudya ndi pogona.

Posunga chimanga, chiumitseni bwino ndipo thirani mankhwala a ufa ovomerezeka pa muyeso wolembedwa pabotolo. Alangizi a zaulimi angakuonetseninso matumba osalowa mpweya a PICS, amene amapha anankafumbwe popanda mankhwala. Asodzi ndi ogulitsa nsomba a ku Chilwa ndi ku Chiuta, musathire mankhwala a thonje pa matemba pofuna kuthamangitsa ntchentche, pakuti amene adzadye ndiwozo ndi ana athu omwe.

Mukabwerera kunyumba lero, yang'anani pansi pa bedi, patsindwi ndi kuseri kwa matumba. Mukapeza botolo kapena mapiritsi amene simukuwadziwa bwino, asungeni kutali ndi ana, musawagwire ndi manja, ndipo itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Kumbukirani kuti kupewa kumaposa kuchiza.